Nzimbe za pa chilumba cha Mauritius: zinafika bwanji, nanga zikupita kuti?

Mu 1973 dziko la Mauritius linapanga shuga woposa matani 700,000. Masiku ano pa chaka sakukwana ndi matani 300,000 omwe. Mafakitale ofinya nzimbe, amene cha m'ma 1850 ankaposa 250, atsala atatu basi. Womva ziwerengero zimenezi angati ulimiwu wafa kale, koma boma la kumeneko, makampani ndi mabungwe a alimi amakanganabe za nzimbe chaka ndi chaka, ndipo mkanganowo umalowerera ku nkhani za magetsi, za mowa, za malo omangapo nyumba, mpaka za ukapolo. Apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Kuti mutu uwongoke tiyambe ndi mbewu yeniyeniyo, kenako tione amene ankailima ndi amene ankagula shuga wake.

Chilumba ndi mbewu yake

Mauritius ili m'nyanja ya mchere ya Indian Ocean, kum'mawa kwa Madagascar, makilomita pafupifupi 2,000 kuchokera ku gombe la Africa. Ndi chilumba chaching'ono, cholingana pang'ono ndi boma la Nsanje, koma chili ndi anthu oposa 1.2 miliyoni. Azungu asanafike panalibe mtundu wa anthu wokhazikikapo. Makolo a munthu aliyense wa kumeneko anabwera pa sitima yapamadzi, ndipo ambiri a iwo chimene chinawabweretsa ndi nzimbe.

Nzimbe ndi mbewu ya m'gulu la udzu, ndipo kwawo kwenikweni ndi ku New Guinea. Mlimi amadzala zidutswa za tsinde, n'kudikira chaka kapena chaka ndi theka. Akadula, chitsa chimaphukanso, kotero munda umodzi umakololedwa zaka 7 kapena 8 asanazule n'kudzalanso. Ku Mauritius nyengo yodula imayamba mu Juni n'kutha mu Disembala.

Pali makhalidwe awiri a mbewuyi amene amafotokoza mbiri yonse ya chilumbachi. Loyamba n'lakuti nzimbe zimapirira namondwe. Mphepo yamkuntho imene imathyola mitengo ya khofi ndi kugwetseratu chimanga, nzimbe imangozipendeketsa, ndipo ngakhale zokolola za chaka chimenecho zitsike, chitsa chimatsala. Anamondwe a 1892, 1960 ndi 1975 anawononga kwambiri, koma minda inadzukanso. Khalidwe lachiwiri n'lakuti nzimbe zikadulidwa sizichedwa kutaya kutsekemera, choncho ziyenera kufinyidwa pasanathe tsiku limodzi kapena awiri. Ndi katundu wolemeranso: kuti mupeze tani imodzi ya shuga pamafunika nzimbe zokwana matani pafupifupi 10. Mlimi wa nzimbe alibe mwayi wosunga zokolola m'nkhokwe kudikira mtengo wabwino, kapena kupita nazo ku msika wakutali. Ayenera kupereka ku fakitale yapafupi, ndipo mwini fakitaleyo ndiye amakhala ndi mawu.

Adatchi ndi Afalansa

Adatchi anafika pachilumbachi mu 1598 n'kuchitcha dzina la kalonga wawo, Maurice wa ku Nassau. Anayamba kukhalapo mu 1638, ndipo chaka chotsatira anabweretsa nzimbe kuchokera ku Java. Shuga sanapange wambiri. Chachikulu ankatcheza mowa wotchedwa arrack. Makoswe, anamondwe ndi njala zinawatopetsa, ndipo mu 1710 anachoka, mbalame ya dodo, yosauluka imene inkapezeka pachilumbachi pokha, itatha kale.

Afalansa analowa mu 1715 n'kusintha dzina kukhala Isle de France. Bwanamkubwa Mahé de La Bourdonnais, amene anafika mu 1735, ndiye anamanga doko la Port Louis ndipo m'zaka za m'ma 1740 anakhazikitsa fakitale ya shuga ku Villebague. Komabe m'nthawi ya Afalansa chilumbachi chinkadalira kwambiri doko ndi malonda a sitima zopita ku India. Nzimbe zinali mbewu imodzi chabe pakati pa thonje, khofi, indigo (mbewu yotulutsa utoto wabuluu) ndi zina.

Zinthu zinasintha Angelezi atalanda chilumbachi mu 1810. Anabwezera dzina la Mauritius, koma mabanja a Afalansa anawasiyira minda yawo, chilankhulo chawo ndi malamulo awo. Kenako mu 1825 nyumba ya malamulo ya ku Britain inatsitsa msonkho wa shuga wa ku Mauritius kuti ulingane ndi wa shuga wochokera ku zilumba za Caribbean. Lamulo limodzi limenelo linatembenuza chilumba chonse. Nkhalango zinagwetsedwa, mbewu zina zinasiyidwa, ndipo pofika m'ma 1850 shuga anali atadutsa matani 100,000 pa chaka. Tingoona pano kuti chimene chinakweza ulimiwu chinali chigamulo cha anthu a ku London. Zimenezi zibweranso kutsogoloku.

Ukapolo

Dothi la ku Mauritius ndi la chiphalaphala cha mapiri amene anaphulika kalekale, ndipo ndi lodzaza miyala yakuda. Kuti pakhale munda, miyalayo inkazulidwa ndi manja n'kuunjikidwa, ndipo milu yake ikuonekabe pakati pa nzimbe mpaka lero. Ntchito imeneyi, pamodzi ndi kudzala, kupalira, kudula ndi kuwiritsa madzi a nzimbe, inkagwiridwa ndi akapolo.

Ambiri ankachokera ku Madagascar ndi ku gombe la kum'mawa kwa Africa, kudzera m'madoko monga Mozambique Island, Quelimane ndi Kilwa. Pachilumbapo onse ochokera kumtunda kuno ankangotchedwa Mozambique, koma m'kaundula wa akapolo mumapezeka mayina a mitundu monga Amakua, Ayao, Asena ndi Amaravi. Ndiye kuti ena mwa anthu amene ankagwidwa m'madera ozungulira nyanja ya Malawi ndi chigwa cha Zambezi anakathera m'minda ya nzimbe imeneyi. Angelezi analetsa kubweretsa akapolo atsopano, koma malondawo anapitirira mozemba kwa zaka zingapo chifukwa minda inkakulirakulira.

Ukapolo unathetsedwa pa 1 Febuluwale 1835, tsiku limene mpaka pano ndi tchuthi ku Mauritius. Anthu oposa 60,000 anamasulidwa. Boma la Britain linapereka chipukuta misozi cha mapaundi pafupifupi 2 miliyoni, koma chinapita kwa eni akapolo. Akapolowo sanalandire kanthu, ndipo anakakamizidwa kugwirabe ntchito kwa ambuye awo akale mpaka 1839 pa dzina lakuti akuphunzira ntchito. Nthawiyo itatha ambiri anachoka m'maesiteti, n'kukakhala asodzi, amisiri kapena olima timinda tawo m'mphepete. Zidzukulu zawo ndi gawo lalikulu la anthu amene lero amatchedwa Creole. Phiri la Le Morne, kumene akapolo othawa ankabisala, bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, linaliika m'gulu la malo osungidwa a dziko lonse mu 2008.

Antchito a kontrakiti

Eni minda anadziwiratu kuti akapolo akamasuka sadzakhala. Pa 2 Novembala 1834, ukapolo usanathe n'komwe, sitima yotchedwa Atlas inafika ku Port Louis ndi amuna 36 ochokera ku India. Iwowa ndiwo amawerengedwa ngati chiyambi cha dongosolo latsopano lolembera antchito.

Dongosololi linali lotere: munthu ankasayina, kapena kudinda chala, pa kontrakiti ya zaka zisanu. Ankalonjezedwa ulendo wa pa sitima, malo ogona, mpunga ndi ndiwo, komanso malipiro a marupi asanu pa mwezi. Mwalamulo sanali katundu wa munthu wina ndipo ana ake sankabadwira mu ukapolo. Koma zaka zisanuzo zisanathe sakanatha kusiya ntchito kapena kusintha bwana. Akajomba tsiku limodzi ankadulidwa malipiro a masiku awiri, ndipo wopezeka kunja kwa esiteti wopanda chiphaso ankamangidwa ngati woyendayenda. Ntchito inkayang'aniridwa ndi kapitawo wotchedwa sirdar, amene nthawi zambiri anali mnzawo wochokera ku India komweko. Madandaulo anachuluka mpaka mu 1871 antchito zikwizikwi anasayina chikalata chimene mzungu wina, Adolphe de Plevitz, anawathandiza kulemba, ndipo chaka chotsatira boma la Britain linatumiza komiti yofufuza.

Akatswiri a mbiri amasiyana maganizo pa dongosolo limeneli. Ena amati unali ukapolo womwewo wovala malaya ena. Ena amakumbutsa kuti panali anthu amene ankabwera mwa kufuna kwawo pothawa njala ndi ngongole kwawo, ena n'kubwerera ku India kenako n'kubweranso ndi abale awo. Mbali zonse ziwiri zili ndi umboni wake. Chosatsutsika n'chakuti anthu pafupifupi 450,000 anafika mwa njira imeneyi, ambiri anakhaliratu, ndipo lero pa anthu atatu alionse a ku Mauritius, awiri makolo awo anachokera ku India. Malo amene ankatsikira, Aapravasi Ghat, nawonso ali m'kaundula wa UNESCO kuyambira 2006. Angelezi ataona kuti njirayi yayenda, anaigwiritsanso ntchito ku Guyana, Trinidad, Fiji ndi ku Natal, kumene antchito oyamba anafika mu 1860. Amwenye ambiri a ku Durban mbiri yawo inayambira pomwepo.

Mlimi wamng'ono ndi mwini fakitale

Kuyambira m'ma 1860 zinthu zinayamba kuvuta. Malungo anapha anthu zikwi makumimakumi pakati pa 1866 ndi 1868. Ngalande ya Suez itatsegulidwa mu 1869, sitima zambiri zinasiya kudzera ku Port Louis. Ku Europe kunakula ulimi wa beet, mbewu ya mizu imene imatulutsanso shuga, ndipo mitengo inagwa. Eni maesiteti anachita zinthu ziwiri: anatseka mafakitale ang'onoang'ono n'kuphatikiza ntchito m'akuluakulu ochepa, ndiponso anayamba kudula ndi kugulitsa malo osabereka bwino kwa antchito amene anali atasunga kandalama. Umu ndi mmene kunabadwira gulu la alimi ang'onoang'ono a nzimbe, ambiri a iwo ana a antchito a kontrakiti.

Koma mafakitale ndi minda yachonde zinatsalira m'manja mwa mabanja ochepa ochokera kwa Afalansa. Mlimi wamng'ono ankapereka nzimbe zake ku fakitale, fakitale yomweyo n'kuziyeza pa sikelo yake, n'kumuuza gawo lake. Mu 1937 mafakitale ena atatsitsa mtengo wa nzimbe za mtundu wa Uba, zimene alimi osauka ankadalira chifukwa zinkapirira pa dothi loipa, kunabuka zipolowe, ndipo anthu anawomberedwa n'kufa ku esiteti ya Union Flacq. Mu 1943 apolisi anawombera antchito onyanyala ntchito ku Belle Vue Harel. Mmodzi mwa ophedwa anali mayi woyembekezera, Anjalay Coopen, amene lero bwalo lamasewero limadziwika ndi dzina lake. Kuchokera m'mikangano imeneyi munatuluka mabungwe a antchito ndi malamulo ogawira shuga. Masiku ano mlimi amalandira mtengo wa 78 peresenti ya shuga wotuluka m'nzimbe zake, fakitale n'kutenga 22 peresenti, ndipo shuga yense wa dzikolo amagulitsidwa kudzera ku bungwe limodzi, Mauritius Sugar Syndicate.

Msika wotetezedwa

Ili ndiye gawo lovuta kumva, komanso lofunika kwambiri. Pa msika wa dziko lonse mtengo wa shuga umakwera ndi kutsika mosadziwika. Kwa zaka zoposa 50, Mauritius sinkagulitsa shuga wake wambiri pa msika umenewo. Mu 1951 Britain inapangana ndi mayiko ake olima nzimbe kuti izigula mlingo woikika pa mtengo wokambirana. Britain italowa m'bungwe la zamalonda la mayiko a ku Europe mu 1973, panganolo linasamutsidwira mu mgwirizano wa ku Lomé wa 1975, umene unakhudza mayiko angapo a ku Africa, Caribbean ndi Pacific. Mauritius inapatsidwa gawo lalikulu kuposa onse, matani pafupifupi 500,000 pa chaka. Malawi nayo inali momwemo, ndi gawo la matani pafupifupi 20,000. Mtengo wake unkatsatira umene alimi a beet a ku Europe ankalandira, ndipo zaka zambiri unkaposa wa pa msika wamba kawiri kapena katatu.

Zili ngati mlimi amene wogula wina wamulonjeza kuti chaka chilichonse adzatenga matumba ake onse pa mtengo wokwera, kaya kumsika zinthu zili bwanji. Mlimi woteroyo amatha kumanga nyumba ndi kuphunzitsa ana mopanda nkhawa, koma sakhala ndi chifukwa chofufuzira ngati akulima motchipa kuposa anzake.

Mauritius italandira ufulu pa 12 Malichi 1968, motsogozedwa ndi Seewoosagur Ramgoolam, shuga ankabweretsa ndalama zoposa 90 peresenti ya zonse zogulitsa kunja. Katswiri wa zachuma James Meade anali atachenjeza mu 1961 kuti chilumba chodalira mbewu imodzi, anthu akuchulukirachulukira, tsogolo lake n'lokayikitsa. Chimene chinachitika n'chakuti phindu la shuga, makamaka la m'ma 1970 pamene mitengo inakwera kwambiri, linalowa m'mafakitale osoka zovala ndi m'mahotela, ndipo msonkho wa shuga unathandiza boma kuyendetsa sukulu ndi zipatala. Tinganene kuti shuga analipirira njira imene dzikolo linachepetsera kudalira shuga.

Chitetezocho chinatha pang'onopang'ono. Brazil, Australia ndi Thailand anasumira European Union ku bungwe la World Trade Organization, ndipo anapambana mu 2005. European Union inadula mtengo ndi 36 peresenti pakati pa 2006 ndi 2009, pangano la shuga linatha mu 2009, ndipo mu 2017 alimi a beet a ku Europe analoledwa kulima mopanda malire. Mauritius inapezeka ikupikisana ndi mayiko a minda ikuluikulu yathyathyathya, pomwe iyo ili ndi minda yamiyala ndi malipiro okwera. Boma linali litayamba kale kukonzekera: kuyambira 2001 antchito zikwi zambiri anapuma pantchito mwa kufuna kwawo, aliyense n'kulandira ndalama ndi puloti. Mafakitale anatsekedwa limodzi ndi limodzi. La ku Médine litasiya kufinya mu 2019, kunatsala la Terra kumpoto, la Alteo kum'mawa ndi la Omnicane kumwera.

Zimene zimatuluka mu nzimbe

Ku Mauritius akuluakulu a ulimiwu masiku ano amakonda kunena za ntchito ya nzimbe m'malo mwa ntchito ya shuga, chifukwa shuga wasanduka chimodzi chabe mwa zotuluka.

Kale dzikolo linkatumiza shuga wosayeretsa kuti akayeretsedwe ku London. Tsopano limayeretsa lokha, ndipo limadziwika ndi shuga wapadera wabulauni monga demerara ndi muscovado, amene amagulidwa mokwera mtengo ndi ophika makeke ndi masitolo a ku Europe ndi kwina.

Zotsala nzimbe zikafinyidwa, zonga zimene timalavula tikatafuna nzimbe, zimatchedwa bagasse. Mafakitale amaziwotcha kuti awiritse madzi, nthunzi yake n'kuzunguza makina opanga magetsi. Fakitale imatengako magetsi oyendetsera ntchito zake, otsalawo n'kugulitsa ku Central Electricity Board, bungwe la boma loyendetsa magetsi. Mauritius inayamba zimenezi mu 1957, ndipo m'zaka zapitazi bagasse wakhala akupereka pafupifupi 10 peresenti ya magetsi a dzikolo. Koma pali pobisika: nyengo yodula ikatha, ng'anjo zomwezo zimawotcha malasha ogula kunja. N'chifukwa chake ena amaziyamikira kuti ndi magetsi osaipitsa mpweya, pomwe ena amati ndi khomo limene malasha analowera.

Madzi akuda onata amene amatsala shuga akauma ndi molasesi. Ameneyu amatchezera mowa wa rum ndi ethanol, ndipo amasakanizidwa m'zakudya za ziweto. Kuyambira 2006 lamulo linalolanso kutcheza rum kuchokera ku madzi a nzimbe enieniwo, ndipo malo monga Chamarel ndi Saint Aubin amakopa nazo alendo. Matope otsala posefa madzi a nzimbe amabwerera kumunda ngati manyowa, nsonga zake n'kudyetsa ng'ombe. Ngakhale fakitale yotsekedwa ili ndi ntchito: ya ku Beau Plan inasanduka nyumba yosungiramo mbiri ya shuga, L'Aventure du Sucre.

Palinso phindu limene silioneka pa sikelo. Mizu ya nzimbe imagwira dothi pa malo otsetsereka kuti lisakokolokere m'nyanja, kumene lingaphe matanthwe amoyo a m'madzi otchedwa coral ndi kudetsa magombe amene alendo amadzera.

Mafunso amene sanayankhidwe

Funso lalikulu ndi la malo. Minda yokololedwa yatsika kuchoka pa mahekitala oposa 70,000 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kufika pa osakwana 40,000. Ina yangosiyidwa kukhala tchire, ina yasanduka misewu, maofesi a ku Ebène, ndi nyumba zapamwamba zogulitsa kwa anthu akunja. Makampani a shuga amati malo ndi awo ndipo kumanga kumabweretsa ntchito. Otsutsa amafunsa mmene malowo anapezekera poyamba, ndiponso ngati zidzukulu za amene anazula miyala zikupindulapo. Komiti ya Truth and Justice Commission, imene inapereka lipoti lake mu 2011, inamva madandaulo ambiri a mabanja onena kuti analandidwa malo, ndipo nkhani zambiri mwa izo sizinathe.

Kenako pali la alimi ang'onoang'ono. Ambiri ndi okalamba, ana awo anapita sukulu ndipo sakufuna kugwira chikwanje, komanso makina odula nzimbe salowa m'timinda tating'ono tamiyala. Ena akuti yankho ndi kubweretsa antchito ochokera kunja, mfundo imene pa chilumba cha mbiri yotereyi siimveka mopepuka. Alimi akamasiya, mafakitale amasowa nzimbe zokwanira, ndipo sizikudziwika ngati atatuwo onse adzatha kupitiriza.

Mtengo wa bagasse nawo ndi mkangano wakale. Alimi akhala akudandaula kuti phindu la magetsi limatsalira kwa eni mafakitale. Boma linakweza gawo lawo mu 2021, chaka chomwe linalengezanso cholinga chosiya malasha ndi kupeza 60 peresenti ya magetsi ku njira zosaipitsa mpweya pofika 2030. Koma nzimbe zikamachepa bagasse nayenso amachepa, ndiye ng'anjozo zidzawotcha chiyani miyezi imene kulibe nzimbe? Ndipo ngati nzimbe zikusungidwa chifukwa cha magetsi ndi kuteteza dothi, ndani ayenera kulipira: wogula magetsi, wokhoma msonkho, kapena mahotela?

Pomwepo palinso amene akufunsa chifukwa chake dziko limene limagula kunja chakudya chake chambiri likusungabe minda yake yabwino pa mbewu imene mtengo wake umakhazikitsidwa ndi zokolola za ku Brazil ndi India. Olima nzimbe amawayankha kuti asonyeze kaye mbewu ina imene ingaime pa mahekitala ochuluka chomwecho namondwe atadutsa, ndi msika umene ungaigule yonse.